Chikho cha Mchape ndi Mchere wa aNambewe

Marita mwana wanga,

Ndabisala kuseri kwa nkhokwe, pamthunzi wa mango, chifukwa amayi ako aang'ono akandiona andipatsa chimera choti ndisinje. Pensulo ndabwereka kwa aphunzitsi. Madzulo ano alangizi akuuza zawo za m'nyumba mpaka makutu ako atenthe. Zanga ndati ndilembe, poti umandidziwa: ndikayamba kulankhula ndimayambira pa nkhuku n'kukathera pa mbuzi za eni, mfundo osaigwira. Komanso mawa ndidzakhala ndikulira, ndipo munthu wolira salangiza.

Dzulo tikuchokera kuchitsime unandifunsa funso, ine n'kukuyankha za mvula. Unati, "Amayi, apongozi akuti wamapemphero asadzagwire mbale zawo. Nanga ndikakhala bwanji?" Ndinamva ndithu, kungoti mtima unali utandithawa. Amuna ako aFilimoni ndi mkhristu, inde, koma mlungu wonse amakhala pamakina awo osokera pakhonde la sitolo ku Foti Jemusoni, kumudzi amabwera Loweruka. Masiku enawo udzakhala iwe ndi apongozi ako, kuseri kwa Chiparamba uko, m'mudzi momwe wopita kukapemphera udzakhala wekha. Chimene ukuopa ndikuchiona. Mwina udzatopa n'kusiya mapemphero kuti akukonde, mwina udzaumirira mpaka mtima wako udzawawe ngati ndulu. Ine ndikufuna ukakhalebe mkhristu, koma mtima uli m'malo. Njira yake sindinabadwe nayo, ndinaiphunzira chophunthwa, ndiye khala pansi umve mmene amako anaphunthwira.

Uli wamng'ono, mano akutsogolo atangoguluka, m'dziko muno munadutsa anthu a mchape. Kaya ukukumbukira. Anali anyamata ochokera chakum'mawa, ovala malaya oyera ndi nsapato, onena kuti abwera kudzatsuka dziko kuti ufiti uthe. Ankafoletsa mudzi wonse, amuna mzere wawo, akazi wawo. Mmodzi ankayang'ana pagalasi anthu akudutsa kumbuyo kwake, ndipo akati waona mfiti, munthuyo ankalamulidwa kukatulutsa nyanga zake. Pomaliza aliyense ankamwa mankhwala ofiirira a thovu. Ankati wakumwa akabwerera ku ufiti afa, ndipo m'mudzimo simudzakhalanso maliro olodzana. Atate ako nthawi imeneyo anali kuntchito ku Halale. Aphunzitsi anali atatiuziratu akhristufe kuti tsiku lofika iwo m'mudzi mwathu tikakhale kuminda.

Kumunda ndinapitadi, koma khasu silinkagwirika. Galasi loona mfiti! Ndinkafuna kudziwa ngati ndi galasi lomwe lija la kusitolo kapena lina, komanso ngati mfitiyo imaoneka chadodolido kapena itamera nyanga. Ndinati ndingosuzumira n'kubwerera. Posakhalitsa ndinapezeka ndili pamzere, aNambewe oyandikana nafe nyumba atandigwira dzanja, tonse tikuseka. Galasilo linali wamba, losweka pakona, ndipo ndinadutsa osandiona kanthu. Koma chikho chitafika m'manja mwanga ndinakumbukira madzi a ubatizo, n'kudzifunsa kuti ngati ichi ndicho chinditsuke, nanga Yesu ananditsuka chiyani. Ndinati sindimwa. Kukanako sindidandaula nako mpaka lero. Chimene ndimadandaula n'chakuti ndinadzitengera ndekha pamalo pomwe kukana kwanga kunakhala ngati kutukwana mudzi wonse. Ndikanakhala kumunda, anthu akanangoti Naphiri kunalibe. Choncho iwe ukaona kuti kukukonzedwa zinthu zimene sudzachita nawo, uziuza apongozi mwaulemu kusanache, n'kukapeza ntchito kwina, osadikira kuti akupatse chikho m'manja anthu akuona.

Kuyambira tsikulo ndinali mfiti. Nzeru yake inali yosavuta: wokana kumwa akubisa kanthu. Ndikafika pachitsime akazi ankatula mitsuko patali kudikira kuti ndichoke. Moto ukandizimira wondilola kupala panalibe, ndinkayenda ndi phale mpaka kusukulu. Maungu anga anawatema ali anthete. Koma chimene chinandiwawa koposa chinali cha aNambewe. Iwo ndi ine tinkasinja mtondo umodzi. Ukudziwa mwambo wa mchere uja, kuti mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, poopa kudula ana ndi mwamuna, amati atupa n'kutsokomola mpaka kufa, ndiye amaitana mwana wosatha msinkhu kuti amuthirire. ANambewe anali ndi kamwana kamodzi kokha kongoyamba kuyenda, choncho wowathirira mchere unali iwe. Ankangoimba dzina lako ali pakhomo, iwe n'kuthamanga. Atandiona ndikukana chikho anasiya kukuitana, ndipo kanjira kapakati pa nyumba zathu anakatseka ndi minga.

Apa mpamene ndinapanga chopusa chachiwiri. Ndinayamba kuimba. Ukamva munthu akuti ankaimba nyimbo za Mulungu pakati pa mazunzo, umati ameneyo ndi woyera mtima, koma ine ndinkaimba mokhomerera. Mtondo ndinausunthira pafupi ndi minga ija, ndipo ndinkasankha nyimbo zonena za tsiku la chiweruzo, munsi ukugunda ngati ndikusinja mitu yawo. Amayi ako aang'ono, amene ndikuwabisalira panowa, anali atamwa mchape chifukwa cha mantha, usakawafunse. Ndinkati ndikawaona ndikweze mawu. Tsiku lina anandiuza akulira kuti nyimbo zanga zikuwawa kuposa mankhwala aja. Ndinadabwa nazo, chifukwa ine ndinkayesa ndikuchitira umboni. Chodabwitsa china n'chakuti ndikaimba chotero ndinkagona mutu ukuwawa, ndikukonzabe mawu oti ndidzawayankhe mawa. Mwana wanga, uli ndi mawu okoma kuposa anga. Ukakafuna kuimba kumeneko, uziyamba wadzifunsa kuti nyimboyo ukuimbira Mulungu kapena ukuponyera apongozi.

Chachitatu, ndinakadandaula kwa aphunzitsi, aphunzitsi n'kukauza mzungu wa ku mishoni. Anabwera pa mthuthuthu, ana onse akumuthamangira, nasonkhanitsa anthu n'kuwakalipira kuti akapitiriza akawanenera ku boma. Ine ndinaima pambali pake chifuwa chili patsogolo. Maungu anasiyadi kuwatema. Koma mthuthuthu utangozimirira, anthu anayamba kunena kuti Naphiri ali ndi nyanga ziwiri, ina ya usiku, ina ya mzungu. Ngakhale aja ankandipatsa moni mobisa analeka. Paja amati fupa lokakamiza limaswa mphika. Iwe udzakhala ndi mthuthuthu wako wobwera Loweruka lililonse, aFilimoni. Usawadikire pamsewu ndi mtolo wa milandu kuti akakalipire amayi awo. Iwo adzakalipa n'kubwerera kumakina awo, iwe n'kutsala ndi nkhalamba yochititsidwa manyazi ndi mwana wake chifukwa cha mtengwa. Zolemera uziwauza ndithu, ndi amuna ako, koma za mbale ndi zipande uzithana nazo wekha.

Mvula itayamba, kamwana ka aNambewe kanadwala chifuwa, miyendo n'kutupa, ndipo kanamwalira. Tsono taganiza. Mudzi wonse unamwa mchape kuti imfa zotere zithe, koma imfa ndi iyi. Maso onse anatembenukira kwa amene sanamwe. Kumaliro anandibweza ndili panjira. Padenga pathu panagwa miyala, ndipo ndinakutumiza kukagona kwa aphunzitsi ndikukunamiza kuti akufuna wowathandiza kusesa. Ndikuuze zoona, ndinkaopa kwambiri. Ndinkapemphera kuti Mulungu awaonetse anthuwa kuti ndilibe mlandu, ndipo ndikati ameni mantha anali pomwepo.

Atameta maliro, tsiku lina masana ndili kudimba ndikuthirira mpiru, ndinamva mapazi kumbuyo. Anali aNambewe, mutu wometa, maso atalowa m'kati, ali okha. M'manja anali ndi kabotolo. Anali atasunga mchape wina. Anati ngati sindine ndinadya mwana wawo ndimwe pomwepo iwo akuona.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinali ndi mawu ambiri amene ndinakhala ndikunola miyezi yonseyo, koma palibe limene linabwera. M'malo mwake chibadwa changa chofuna kudziwa zinthu chija chinadzuka. Munthu amene wagwira mfiti amabwera ndi gulu, akukuwa. Nanga uyu wabwereranji yekha, mozemba, ngati wamantha kuposa ine? Ndinatula chothirira pansi n'kuwafunsa, osati mwamwano, koma chifukwa ndinkafunadi kumva yankho.

"ANambewe, ndikamwa n'kufa, mudziwa kuti ndinali ine. Nanga ndikamwa osafa, mudzati wapha mwana ndani?"

Anangokhala pansi m'matope momwemo.

"Mchere ndinathira ndekha," anatero. "Ana ena onse a m'mudzi anali kuminda kukaingitsa anyani. Marita wanu ndinkamuona akusewera paja, koma ndikanamuitana bwanji? Ndinati kamodzi kokha sikangachite kanthu. Mwana anadya ndiwozo."

Sanauzepo munthu aliyense, ngakhale amuna awo. Masiku onsewo ankagona ndi kudzuka ndi maganizo akuti adula mwana wawo ndi dzanja lawo. Ankafunitsitsa kuti mfiti ndikhale ine, chifukwa ndikapanda kukhala ine ndiye kuti ndi iwo.

Ndinakhala nawo pansi m'matopemo. Sindinalalike, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti anandigwira pakamwa. Ndinangowauza zimene ndinaziona ndi maso: kuti ine chibatizidwire ndimathira ndekha mchere masiku onse, ndipo iwe unali wonenepa ngati dzungu, kuti chifuwa chomwecho chinali chitatenga ana m'midzi ina, ngakhale ku mishoni komwe. Ndinawauza kuti botololo sindimwa, chifukwa ndili naye kale wonditsuka, koma za mcherezo sizidzatuluka pakamwa panga. Ndazisunga mpaka lero, ndipo ndikukuuza chifukwa eni ake tinawaika m'manda chaka chatha, ndiponso iwe ukufunika kuzidziwa. Kaya anakhulupirira zonse, sindikudziwa. Analira mpaka dzuwa kupendeka, botolo analiiwala m'mphepete mwa mzere wa mpiru.

Pobwerera kunyumba ndinazindikira chinthu chachilendo. M'mutu mwanga munalibe mlandu umene ndinkaweruza. Mudzi unali womwewo, minga ili pomwepo, akazi pachitsime anandithawabe mawa lake. Koma ine ndinali nditasiya kuwaona ngati khoma. Ndinayamba kuona munthu mmodzimmodzi n'kumadzifunsa kuti kodi uyu chikumudya n'chiyani. Pemphero langa linasintha lokha. Ndinasiya kunena kuti Ambuye aonetseni, n'kuyamba kunena kuti Ambuye ndionetseni chimene munthuyu akuopa. Mtendere umene ukuufunsa unabwera pamenepo, anthu asanasinthe n'komwe. Ine ndinkayesa udzabwera tsiku limene mudzi udzapepese, ndipo tsikulo silinafike mpaka pano. Pambuyo pake ndinamva aphunzitsi akuwerenga za tsiku limene Ambuye anamenyedwa khofi pabwalo la milandu, kuti sanabwezere, sanathawe, koma anamufunsa womenyayo chifukwa chake. Ndinaseka ndekha m'kachisi kuti kani nawonso anali wofunsafunsa.

Usaganize kuti aNambewe anasanduka mkhristu. Ayi ndithu, anamwalira ali ndi zithumwa zawo m'chiuno, ndipo masiku ena ankandidutsa osapereka moni. Koma mwezi wotsatira ndinamva mawu otsika kuseri kwa minga akuitana dzina lako. Unandiyang'ana, ine ndinati pita. Utabwera unandifunsa kuti bwanji tikuwathirira mchere pamene ife sitikhulupirira zimenezo, ndipo ndinakuyankha kuti udye msanga ndiwo zizizira. Yankho lake ndi ili, lachedwa zaka zambiri. Chikho chija chinkafuna kuti ndinene ndi pakamwa panga kuti Yesu sakwanira. Mchere sunkafuna kuti ndinene kanthu, unkangofuna kuti mayi wamantha adye chakudya mtima uli pansi. Aphunzitsi atamva anati ndikulimbikitsa zachikunja. Mwina ananena zoona, ndimaganizabe za nkhaniyi ndikamapalira, ndipo sindinaimalize. Koma anthu ataona kuti mayi wa malemu yemwe akudya mchere wa mwana wa Naphiri, miyala inasiya kugwa, ndipo mmodzimmodzi anayamba kubwera ndi phale kudzapala moto.

Ndiye ukafika kumeneko, mwana wanga, usakhale ndi liwiro lokana chilichonse. Zambiri zimene adzakuuza ndi mchere chabe: gwada apa, usadutse apo, usatchule dzina la apongozi aamuna, mbale iyi usagwire. Chita, ndipo uchite mokondwa, sizikuchotsera ubatizo. Akati usagwire mbale, katunge madzi, kathyole nkhuni, palibe mpongozi amene anakanapo nkhuni zouma nthawi ya mvula. Koma zilipo zochepa zimene ndi chikho, monga kuthira nsembe kwa mizimu, kupita kukaombeza, kumangira mwana wako chithumwa. Zimenezo ukane ndi mawu ochepa, maso ali pansi, ndipo ukakana usabwereze. Ukasokonezeka kuti ichi ndi mchere kapena chikho, usachite manyazi kunena kuti ndikufuna ndiganize kaye. Ine ndakalamba ndikusokonezekabe.

Ndipo uziwayang'anitsitsa apongozi akowo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndawaona kamodzi kokha, tsiku la ankhoswe lija, koma chiwaonereni ndakhala ndikudzifunsa. Munthu sadana ndi mapemphero popanda chifukwa, poti mapemphero sanamudyere mbewu. Ndinamva kuti mwana wawo wamkulu anaphunzira ku mishoni, napita ku migodi, osabweranso ngakhale pamaliro a atate ake. Kodi mwina akakuona ndi buku la nyimbo amaona njira imene yatenga mwana mmodzi ikubwera kudzatenga wachiwiri? Kapena akuopa kuti akadzamwalira, m'nyumba ya akhristu simudzapezeka wowafululira mowa wa maliro, mzimu wawo n'kusowa kolowera? Sindikudziwa, ndikungoganiza. Iwe ndiwe udzakhale nawo pafupi. Safunsa anadya phula, koma usakawafunse ngati wapolisi. Uzifunsa za mwana wawo uja, ankakonda ndiwo zanji, anali wotani ali wamng'ono, ndipo akayamba kulankhula usawadule. Ukadzabwera kudzationa udzandiuze, chifukwa ndikufunadi kudziwa.

Lamulungu uzipita kukapemphera, ngakhale ndi kutali, ngakhale uli wekha. Uzidzuka m'mamawa, usese, utunge madzi, uwasiyire moto ukuyaka, kuti pasapezeke wonena kuti mapemphero amaphunzitsa ulesi. Ukadzalephera tsiku lina, ukadzachita mantha n'kugonja pa chinthu chimene sunayenera, usadzati basi zatha. Amayi ako aang'ono anamwa mchape, koma lero ndiwo amatsogolera nyimbo, ndipo odwala akamafuna wowapempherera amaitana iwo, osati ine wolimba mtimane.

Tsopano mvetsetsa ichi, chifukwa alangizi sakuuza. Si onse ozunza amene ali ngati aNambewe. Ena ukawafufuza mpaka pansi upeza nkhanza zokhazokha. Mawu, kusalidwa, kusekedwa, zimenezo pirira, Mulungu adzakupatsa mphamvu. Koma akadzakukwezera dzanja, akadzakumana chakudya, kapena akadzakugwira kuti akumwetse zinthu mokakamiza, uuze amuna ako, ndipo akapanda kukutchinjiriza, nyamuka ubwere kuno. Zotsalazo adzakamba ankhoswe ndi akulu a mpingo iwe uli pamphasa ya amako. Mulungu sawerenga zipsera kuti adziwe amene amamukonda.

Ndikukudziwa, udzayamba kuganiza za ng'ombe za malowolo, kuti ndikathawa atate adzabweza chiyani. M'mawa uno ndinawatsatira kukhola n'kuwafunsa zomwezo. Ukudziwa mmene azikondera ng'ombe zimenezi, munthu woti moyo wake wonse waweta mbuzi zokha. Amazilankhula ngati anthu, ndipo yofiira ija aipatsa kale dzina. Anaisisita pamphumi yofiirayo. Kenaka anati, "Umuuze kuti sindipha ngakhale imodzi, sindigulitsa ngakhale imodzi. Ndikungowasungira eni ake, mpaka mwana wanga adzandiuze ndi pakamwa pake kuti akukhala bwino."

N'chifukwa chake mawa paukwati wako anthu adya mbuzi. Ukamva akudandaula kuti kwa aPhiri n'koumira, usawayankhe.

Pita bwino, mwana wanga. Ambuye akutsogolere.

Ndine amako,
Naphiri